Kupha mbozi ndi mabakiteriya a Bt: momwe mungachitire kudimba ndi m'munda wa chimanga

Mankhwala a Bt amanamiziridwa kawirikawiri kuti ndi afeki. Mlimi amapopera kabichi m'mawa, madzulo akapita kudimba apeza mbozi zili phee pa tsamba, zamoyo, ndiye basi akuti ndalama zalowa m'madzi. Chomwe sanauzidwe pogula n'chakuti Bt sagwetsa mbozi pompopompo ngati cypermethrin. M'paketimo muli bakiteriya wogona pamodzi ndi poizoni wake, ndipo mbozi iyenera kumudya kaye. Mukamvetsa chimenechi, nthawi yopopera, madzi osungunulira komanso kasungidwe kake zimalongosoka zokha.

Chomwe chili m'paketi

Mabakiteriya ambiri amafa chakudya chikatha kapena malo akauma. Koma a m'gulu la Bacillus ndi la Clostridium ali ndi kothawira. Zinthu zikathina, selo la bakiteriya limagawika mosafanana. Kachigawo kakang'ono kamatenga DNA, gawo lalikulu limakameza, n'kukakutira ndi zikopa zolimba zingapo, madzi a m'kati n'kuphwa. Pakatha maola pafupifupi 8 selo lalikulu lija limaphulika, n'kutsala kanjere kamodzi kamene asayansi amati spore. Uku si kuswana ayi, chifukwa selo limodzi limapereka kanjere kamodzi basi. N'kudzisunga, monga mmene njere ya bonongwe imakhalira m'dothi louma chilimwe chonse kudikira mvula. Kanjereka sikadya, sikakula, ndipo kamatha kukhala zaka zambiri. Kakangopeza chinyezi ndi chakudya kamadzuka, n'kukhalanso bakiteriya woswana.

Ferdinand Cohn ndi Robert Koch ndi amene analongosola za njerezi m'chaka cha 1876, Koch akufufuza matenda a anthrax. Kuuma mutu kwa njerezi n'kwakuti madzi owira pa madigiri 100 sazipha zonse, n'chifukwa chake kuchipatala zida zochitira opaleshoni amaziphika mu autoclave, pa madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15.

Banja la mabakiteriya opanga njerewa lili ndi ana oipa odziwika. Kafumbata amabwera ndi njere za Clostridium tetani zomwe zimakhala m'dothi ndi m'ndowe, n'kulowera pa bala. Anthrax, yomwe inapha mvuu zambiri ku Liwonde kumapeto kwa 2018 ndi kuvutanso ku Zambia m'2023, ndi Bacillus anthracis, ndipo n'chifukwa chake nyama yofa yokha sasenda. Mpunga wophikidwa m'mawa pa ukwati n'kukhala wofunda mpaka madzulo umasanzitsa anthu chifukwa cha Bacillus cereus: njere zake zimapulumuka pa moto, n'kudzuka mpungawo ukayamba kuzizira.

Bacillus thuringiensis, yemwe timangoti Bt, ndi mbale wa amenewa, koma iye amathandiza mlimi. Pamene akupanga kanjere kake amapanganso kambulu ka puloteni pambali pake. Kambuluko sikasungunuka m'mimba mwa munthu, mbuzi kapena nkhuku momwe kamasungunukira m'mbozi, chifukwa m'mimba mwathu muli asidi, pomwe m'matumbo mwa mbozi muli madzi a alkali wamphamvu. M'menemo kambulu kamasungunuka, poizoni amamatirira pa khoma la thumbo n'kuliboola. Mbozi imaleka kudya pakangopita maola ochepa, njere zija n'kudzuka ndi kufalikira m'thupi, ndipo imafa pakatha masiku awiri kapena atatu, nthawi zina kuposerapo.

Woyamba kumupeza anali Shigetane Ishiwata ku Japan m'1901, m'mbozi zopanga silika zomwe zinkangofa. Ernst Berliner anamupezanso m'1911 m'mbozi za mu ufa zochokera ku Thuringia ku Germany, komwe kunachokera dzinali. Mankhwala oyamba ogulitsa anatuluka ku France m'1938. Choncho si chinthu chachilendo choyeserera pa alimi. Dziwaninso kuti kupopera Bt n'kosiyana ndi thonje la Bt lomwe linaloledwa kulimidwa m'Malawi cha m'2019. Ku thonje, mbewu yokhayo ndi imene inapatsidwa chibadwa chopanga poizoniyo. Kupopera sikusintha chilichonse pa mbewu yanu.

Gawo 1: Onani kaye chomwe chikudya mbewu

Bt wopopera pa kabichi ndi chimanga amapha mbozi za agulugufe zokha. Nsabwe za m'masamba, akangaude ofiira a pa tomato, ntchentche zoyera, ziwala ndi chiswe sazigwira n'komwe, chifukwa zina zimayamwa madzi a m'tsamba osatafuna, ndipo zina matumbo ake ndi osiyana. Saphanso mazira kapena gulugufe weniweniyo.

Pa kabichi, repu, mpiru ndi tchainizi, tembenuzani tsamba muone kunsi. Mdani wamkulu ndi kambozi kobiriwira kosapitirira sentimita imodzi, ka gulugufe wotchedwa diamondback. Mukakakhudza ndi chala kamapiriringika mofulumira chobwerera m'mbuyo, n'kudziponya pansi kakulendewera pa ulusi. Kamadya tsamba kuchokera kunsi n'kusiya kakhungu kopyapyala pamwamba, kowala mukayang'anitsa tsambalo ku dzuwa. Kamachuluka kwambiri nyengo yotentha, kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa. Pa kambozi aka ndi pomwe Bt amaonetsa mphamvu zake zonse.

M'chimanga nkhani ndi ntchemberezandonda zachilendo zija, fall armyworm, zomwe zinaoneka koyamba mu Africa m'2016 ndipo pofika Disembala 2017 boma la Malawi linalengeza kuti maboma 20 agwidwa ndi ngozi chifukwa cha izo. Yaikulu mumaizindikira ndi chizindikiro cha Y chozondoka pamutu, ndi madontho anayi akuda oima mwa sikweya chakumchira. Koma mukaona yaikulu chotero, ndi zitosi zonga utuchi zitadzaza mumtima mwa chimanga, mwachedwa kale kwa Bt.

Gawo 2: Yenderani munda, ndipo muziwerenga

Gawo ili ndi lomwe alimi ambiri amalilumpha, komanso ndi lomwe limagamula ngati ndalama yanu ibwerera. Bt amapha bwino mbozi zongoswedwa kumene, zosakwana sentimita imodzi. Zikakula zimafunika poizoni wambiri, ndipo zimakhala zitalowa kale m'kati mwa mutu wa kabichi kapena pansi penipeni pa mtima wa chimanga, pomwe dontho silifika.

Chimanga chikangomera, yendani m'munda kawiri pa sabata, m'mawa kwambiri. Musayende m'mbali mokha. Dulani munda motsata chilembo cha W, muime malo asanu, ndipo pa malo aliwonse onani mapesi 10 otsatizana. Fufuzani mazira ounjikana pa tsamba, okutidwa ndi tiubweya totuwa. Gulugufe mmodzi amaikira mazira 100 mpaka 200 pa malo amodzi, ndipo amaswa pakatha masiku awiri kapena atatu kunja kukatentha. Mukawapeza aphwanyeni ndi chala, palibe mankhwala otchipa kuposa amenewo. Fufuzaninso timawindo toyera, pomwe timbozi tapala tsamba osaliboola, pa masamba atsopano. Pa mapesi 50 aja, ngati 10 kapena kuposerapo ali ndi zizindikiro zatsopano chimanga chikadali chaching'ono, nthawi yopopera yakwana. Zikachepera apo, tolani ndi manja ndipo mubwerenso pakatha masiku atatu.

Kudimba kuwerenga n'kosavuta chifukwa mumakhalako tsiku ndi tsiku. Pothirira, tembenuzani masamba a kabichi angapo pa bedi lililonse, makamaka pa nthawi yomwe akuyamba kupinda mutu. Yambirani ku nazale, chifukwa mbande zambiri zimapita kudimba zili ndi mazira kale.

Gawo 3: Gulani mtundu woyenera

Pa paketi payenera kulembedwa Bacillus thuringiensis, kenako dzina lachitatu. Dzina lachitatulo ndi lofunika. La kurstaki, lomwe lili m'mankhwala monga Dipel, limagwira mbozi za kabichi ndi za m'masamba ambiri. La aizawai, lomwe lili mu XenTari, limachita bwino kwambiri pa ntchemberezandonda komanso pa diamondback. La israelensis, lomwe linapezeka ku Israel m'1976, ndi la mphutsi za udzudzu ndi tintchentche takuda ta m'mitsinje. Linathandiza kwambiri kumadzulo kwa Africa polimbana ndi matenda ochititsa anthu kusaona ochokera ku tintchentcheti, koma pa kabichi lilibe ntchito.

Onani tsiku lopangidwa ndi lotha ntchito. Onaninso pomwe wogulitsa waika paketiyo. Ngati yakhala pa windo, kapena pa benchi ya pamsika padzuwa la Okutobala, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Njere zikhoza kupirira, koma timibulu ta poizoni timaonongeka ndi kutentha kosalekeza. Ndipo musagule ufa wopimidwa m'timapepala topanda dzina. Ku Malawi mankhwala ophera tizilombo amayenera kulembetsedwa ku Pesticides Control Board, ndipo wogulitsa wolongosoka sakwiya mukamufunsa za chimenechi. Mukasowa kogula, alangizi a zaulimi a m'dera lanu ndiwo oyamba kuwafunsa.

Gawo 4: Pimani sipuleya musanathiremo kanthu

Malangizo ambiri a pa paketi amanena mlingo wa pa hekitala, pomwe inu muli ndi dimba la mabedi khumi. Chitani chonchi. Pimani malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi pomwe pali mbewu. Dzazani sipuleya ndi madzi okhaokha, mupopere malowo mwa mayendedwe anu a masiku onse, kenako muone malita omwe atha. Malo amenewo ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a hekitala.

Tiyerekeze kuti paketi yanu ikuti magalamu 500 pa hekitala. Ndiye kuti malo mwapimawo akufuna magalamu 5. Ngati munagwiritsa malita 4, sipuleya ya malita 16 ikwanira malo anayi otero, choncho muthiramo magalamu 20. Manambalawa ndi ongophunzitsira masamu, mlingo weniweni tengani pa paketi yomwe mwagula, chifukwa mphamvu zimasiyana kampani ndi kampani. Pemphani wogulitsa akupimireni magalamuwo pa sikelo kamodzi, muwathire m'kachitsekero ka botolo n'kuika chizindikiro. Kachitsekeroko kasagwirenso ntchito ina.

Kuchepetsa mlingo pofuna kuti paketi ikhalitse ndi kudzipweteka nokha. Mbozi imadwala pang'ono, n'kuchira, n'kupitiriza kudya.

Gawo 5: Madzi ndi kasungunulidwe

Kumbukirani kuti kambulu kaja kamasungunuka mu alkali. Kakasungunukira m'sipuleya m'malo mwa m'mimba mwa mbozi, mphamvu yake yathera pomwepo. Choncho madzi akhale oyera, ozizira, opanda matope. A mvula ndi abwino kwambiri. Musathiremo phulusa, laimu kapena sopo wa ufa wochapira, chifukwa zonsezi zili ndi alkali. Ndikudziwa kuti ambiri amathira phulusa ndi madzi a sopo mumtima mwa chimanga polimbana ndi ntchemberezandonda, ndipo sindikutsutsa zimenezo pano, koma zisakumane ndi Bt m'sipuleya imodzi kapena pa tsiku limodzi. Ngati sipuleya inagwira mankhwala ena, makamaka opha udzu, itsukeni katatu.

Sungunulani ufawo m'kachidebe ndi madzi pang'ono mpaka mibulu ithe. Thirani madzi m'sipuleya kufika theka, onjezani mankhwala osungunulawo, dzazani, tsekani, khutchumulani. Ufa wa Bt susungunuka ngati shuga, umangoyandama n'kumakhala pansi pang'onopang'ono, choncho muzikhutchumula sipuleya mukamatha mzere uliwonse kapena iwiri.

Tsamba la kabichi lili ndi phula, madontho amangogubuduka n'kugwa. Funsani mankhwala omatitsa omwe amagulitsidwa m'masitolo omwewo, muthire mlingo wolembedwa. Ndipo sungunulani ongokwanira tsikulo. Otsala m'sipuleya mpaka mawa musawadalire.

Gawo 6: Poperani madzulo

Chodabwitsa cha bakiteriya wopirira madzi owirayu n'chakuti dzuwa limamugonjetsa. Kuwala kwa dzuwa kumaononga njere ndi poizoni yemwe zikakhala poyera pa tsamba, moti pakatha masiku awiri kapena atatu mphamvu yambiri imakhala itapita. Mukapopera 9 koloko m'mawa, mankhwala amapsa tsiku lonse mbozi zili zobisala. Mukapopera dzuwa litapendeka, cha m'ma 4 kapena 5 koloko, amakhala ndi usiku wonse, ndipo usiku ndi pomwe ntchemberezandonda zimatuluka kukadya.

Yang'anani kumwamba. Ngati mvula yakonzeka, dikirani, chifukwa ikagwa mankhwala asanaume imawakokolola. Kudimba, thirirani kaye, masamba aume, kenako mupopere. Mawa lake thirani madzi pansi pa tsinde, osati pamwamba pa masamba ndi kheni.

Kapoperedwe kake kakusiyana ndi komwe tinazolowera. Simukusaka mbozi kuti muinyowetse, mukupaka chakudya chake. Pa kabichi tembenuzani nozo iyang'ane m'mwamba kuti madontho agwire kunsi kwa tsamba, ndipo musaiwale timasamba ta pakati. Pa chimanga lozetsani nozo mumtima mwenimweni mwa phesi lililonse, muime kamphindi, kenako mupite pa linzake. Kungodutsa mukugwedeza mpope pamwamba pa mizere n'kudyetsa mphepo. Madontho akhale aang'ono, tsamba linyowe koma lisachite kuchucha.

Ngakhale Bt ali m'gulu la mankhwala osaopsa kwenikweni kwa munthu, valani malaya a manja aatali, magulovu ndi chophimba pakamwa, makamaka potsegula ufa, chifukwa umatha kuyabwa m'maso ndi pakhosi. Mukamaliza sambani.

Gawo 7: Dikirani, ndipo muone tsamba osati mbozi

Apa ndi pomwe mitima imathamanga. Mawa lake mbozi muzipeza, koma zikhudzeni ndi kamtengo: zafooka, sizikuthawa, ndipo pafupi pake palibe zitosi zatsopano. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu zimafewa, zimada, zina zimalendewera pa tsamba, zina zimagwa n'kutengedwa ndi nyerere moti simuziona n'komwe. Umboni weniweni ndi tsamba lomwe latuluka mutapopera. Ngati latuluka lopanda mabowo, mankhwala agwira. Mabowo akale satsekeka, musawawerengere.

Musathamangire kubwereza ndi mankhwala amphamvu pa masiku amenewa. Phindu lina la Bt n'lakuti amasiya amoyo mavu, nyerere, akangaude, njuchi ndi timavu tating'onoting'ono tomwe timaikira mazira m'thupi mwa mbozi. Pa diamondback timavu timeneti timagwira ntchito yaikulu mwaulere. Mukapopera mankhwala opha chilichonse, ndi timeneti tomwe timayamba kufa, mbozi n'kubweranso zochuluka kuposa poyamba. Alimi a kudimba ambiri amaidziwa bwino nkhani yopopera sabata iliyonse koma kabichi n'kumangobooka.

Chifukwa mazira safa ndipo dzuwa limadya mankhwala, kupopera kamodzi sikukwanira. Yenderaninso munda pakatha masiku 5 mpaka 7. Mukapeza timbozi tatsopano, bwerezani. Mvula yamphamvu ikagwa mutangopopera, bwerezani kukangoyera.

Mapaketi ambiri a Bt amalola kukolola tsiku lomwelo kapena lotsatira, chinthu chothandiza kwa wolima repu ndi mpiru yemwe amathyola kawiri pa sabata kupita nawo kumsika. Werengani paketi yanu mutsimikize, ndipo masamba atsukidwe asanaphikidwe monga mwa nthawi zonse.

Gawo 8: Musalole mbozi kumuzolowera

Mbozi zimazolowera Bt monga zimachitira ndi mankhwala ena. Diamondback ndiye anali woyamba kupezeka atapirira Bt wopopera m'minda, ku Hawaii cha m'ma 1990, kwa alimi omwe ankapopera mobwerezabwereza chaka chonse. Ku Puerto Rico, ntchemberezandonda zinapezeka zitazolowera chimanga cha Bt chopanga poizoni wotchedwa Cry1F cha m'2006. M'nyengo yotentha diamondback amatha kuchoka pa dzira kufika poikira mazira ake m'masabata awiri kapena atatu okha, choncho m'dimba lomwe kabichi sachoka mibadwo imasinthana mofulumira kwambiri.

Mukapopera Bt kawiri kapena katatu motsatizana, mupumitseni kwa masabata angapo, mugwiritse njira ina monga nimu, kutola ndi manja, kapena mankhwala a gulu lina omwe alangizi akuuzani. Mukakolola kabichi zulani zitsa zonse, musazisiye ziphukire, chifukwa mphukirazo ndi zomwe zimasunga mbozi kudikira mbande zatsopano. Pa bedi pomwe panali kabichi bzalanipo anyezi, nyemba kapena karoti. Repu, mpiru ndi tchainizi si kasinthasintha ayi, onsewo ndi banja limodzi ndi kabichi ndipo diamondback amadya onse. Ngati madimba ndi oyandikana m'dambo limodzi, kambiranani ndi anzanu kuti pakhale mwezi womwe dambo lonse lilibe mbewu za banjali.

Gawo 9: Kusunga otsala

Chinyezi ndi kutentha ndiye adani a ufa wotsala. Finyani mpweya m'paketi, pindani pakamwa, mumange ndi mphira, muike m'botolo kapena m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi pepala la malangizo. Sungani pamalo ozizira ndi amdima, potalikirana ndi chakudya komanso pomwe ana safika. Pafupi ndi malata, m'khitchini mofuka utsi kapena m'galimoto yoima padzuwa si malo ake. Ufa wouma ukasungidwa chonchi umakhala zaka ziwiri kapena kuposerapo, pomwe wamadzi umatha mphamvu msanga, ndiye ngati dimba lanu ndi laling'ono gulani wa ufa, paketi yaing'ono, kapena mugawane ndi anzanu a mu kalabu.

Paketi yomwe yagona chaka iyeseni musanaidalire pa munda wonse. Sungunulani pang'ono pa mlingo wake, viikanimo tsamba limodzi la kabichi, liume pamthunzi, muliike m'chidebe ndi timbozi tating'ono khumi, mutseke ndi kansalu. M'chidebe china ikani tsamba loviika m'madzi okha ndi timbozi khumi tina. Pakatha masiku atatu yerekezani. Ngati m'zidebe zonse ziwiri masamba adyedwa mofanana ndipo timbozi tikukula, ufawo watha ntchito, kagulani wina.